Phazi Limodzi pa Phula, Lina pa Dothi

Aliyense amene anakhalapo pa Boma pa Rumphi zaka zapitazi akuwadziwa a Hezron Luhanga, ngakhale atakhala kuti dzina lawo sanalimvepo. Ndi bambo aja aatali, a jekete yakuda ndi ndodo yoyera, amene m'mawa uliwonse ankayenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu wopita kuchipatala, phazi limodzi pa phula, lina pa dothi. Anali osaona. Akabaza, anyamata onyamula anthu panjinga aja, anawapatsa dzina loti Sindipatuka, ndipo polipereka sankaseka ayi.

A Luhanga anabadwira ku Hewe, m'banja la anthu opemphera. Bambo awo ankafuna kuti mwanayo adzakhale mphunzitsi pasukulu ya mishoni, koma iye choko sichinamukoke. Analowa ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo boma linamupatsa njinga yakapalasa yakuda yoti azifikira alimi a fodya ndi chimanga mpaka ku Mwazisi. Akuluakulu amene akukumbukira masiku amenewo amapukusa mutu akamva zoti a Luhanga paukalamba wawo ankadana ndi belu la njinga. Inu, munthu ameneyu ankaliza belu akadali kutsidya kwa dambo! Amayi osenza nkhuni ankalumphira m'tchire, mitolo n'kumasuka, mlangizi n'kungokweza chipewa osagwira ndi buleki yomwe. Sanagundepo munthu, komanso palibe amene akukumbukira kuti anapatukirapo munthu.

Anakwatira mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, mayi Catherine, amene boma linawatumiza kudzagwira ntchito kuno. Chitumbuka cha mayiwo chinkaseketsa ana a sukulu, choncho pakhomo pa a Luhanga pankayankhulidwa Chichewa. Mwa ana awo anatsala mmodzi, Mtende, amene anakula n'kukhala namwino ku Mzuzu.

Maso anayamba kuvuta atangopuma pantchito. Mdima unayambira m'mbali n'kumabwera pakati pang'onopang'ono, mpaka a Luhanga ankaona dziko ngati akusuzumira m'paipi. Madokotala anati abwera mochedwa. Paipi ija itatsekeka, bambowo anapachika njinga m'chipinda, n'kukhala pakhonde, ndipo anakhalapo mvula mpaka mvula inzake. Kutchalitchi, kumene anali mkulu wa mpingo, anasiya kupita. Ankakana kugwiridwa dzanja. Ankati munthu amene anayendera minda ya chigawo chonse sangamakokedwe pamsewu anthu akuona.

Mayi Catherine anali munthu wopirira, koma kupirira kwa mphunzitsi kuli ndi polekezera. Tsiku lina anawaponyera nsapato pamiyendo.

"Valani, bambo a Mtende. Ine sindinakwatiwe ndi mpando."

Anawatsogolera ndi mawu okha, osawakhudza, kudutsa pamtengo wa mango, kudutsa pachigayo, mpaka pamsewu. Pamenepo anawauza kuti aponde phula ndi phazi lamanja, lamanzere lisiyidwe padothi.

"Mwamva kusiyana kwake?"

"Ndamva."

"Basi, maso anu ndi amenewo. Mukaona mapazi onse ali pa phula, mwalowa m'njira ya magalimoto. Onse akakhala padothi, mukupita kumunda kwa eni ake. Tiyeni."

Anayenda choncho milungu ingapo, mayi patsogolo akung'ung'udza nyimbo, bambo pambuyo akudandaula. Kenako mayi anayamba kutsalira m'mbuyo, kenakonso kutsalira pakhomo. Mwayi wake unali woti nyumba, tchalitchi ndi chipatala zinali mbali imodzi ya msewu, ndiye panalibe zowoloka. Popita, phazi lamanja pa phula. Pobwerera, lamanzere. Pamene mayi Catherine ankamwalira ndi nthenda ya shuga, anasiya mwamuna wodziyendera yekha, ndipo pamaliro a Luhanga ananena poyera kuti cholowa chimene anawasiyira mkazi wawo ndi m'mphepete mwa msewu. Anthu ena anaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu.

Kumene ankapita m'mawa uliwonse kunali kuchitando, nyumba ija amagonamo anthu odikirira odwala awo pachipatala. Palibe anawalemba ntchito imeneyi. Ankangofika, kuimirira pafupi ndi mafuwa, n'kuyambitsa nyimbo ya m'buku imene ankaidziwa pamtima. Amayi a ku Hewe ndi ku Mwazisi, amene agona pasimenti mitima ili m'mwamba, ankasiya kukoleza moto n'kuvomera. Akatero a Luhanga ankapemphera, kutchula wodwala aliyense amene auzidwa dzina lake. Kumeneko sanali nkhalamba yosaona. Anali adada a mapemphero, munthu amene akachedwa anthu amafunsana kuti kodi lero kwagwanji. Ulendo umenewu ndi umene unkawadzutsa m'mawa, kuwametetsa ndevu ndi kuwavalitsa jekete.

Tsono vuto linali lakuti kamzere kamene a Luhanga ankayendamo ndi komwe akabaza ankakafunanso. Tisawanamizire anyamatawa, nawo anali ndi chifukwa chawo. Msewu unali wopapatiza, m'mbali mwake modyekadyeka. Lole yodzaza mabelo a fodya ikakubwerera kumbuyo, ulibe kothawira koma kumapeto kwenikweni kwa phula. Ukatsikira kudothi uli ndi mayi wokhala chammbali pakaliyala, mwana kumsana, mugwa nonse. Ndiye wakabaza amaliza belu, ndipo woyenda pansi amalumpha, akutukwana kapena ayi, koma amalumpha. Boma lonse linazolowera choncho, kupatula munthu mmodzi.

A Luhanga anayesapo kupatuka kamodzi, masiku oyambirira. Analumphira kumanzere monga anzawo, njinga n'kudutsa, koma pofuna kubwerera phula silinapezekenso. Anazungulirazungulira m'mapesi a munda wa munthu mpaka anagwera paminga, ndipo anachita kudzakokedwa ndi amayi ogulitsa tomato. Kuchokera tsiku limenelo anatemetsa nkhwangwa pamwala. Belu likalira, iwo ankangoima nji, ndodo patsogolo, n'kudikira kuti mwini njinga aone chochita.

"Adada, patukani! Msewu si wanu nokha!"

"Iwe uli ndi maso awiri ndi mabuleki awiri. Ine ndili ndi chiyani?"

Ena ankatsika n'kukankha njinga akung'ung'udza. Ena ankawazungulira mowapyola pang'ono, mphepo ya njinga n'kukupiza jekete. Oyenda pansi ankakondwera mumtima kuti papezeka munthu wowabwezerera, ngakhale iwo eni belu likalira ankalumphabe monga kale. Kunena zoona, a Luhanga nawo pakamwa sankasunga. Wakabaza akawatukwana, ankamufunsa dzina la bambo ake ndi mpingo umene amapemphera, ndipo nthawi zambiri ankapezeka kuti bambo akewo amawadziwa.

Amene anadzawagunda anali Watipaso Mzumara, bambo wa ana atatu wochokera ku Mwazisi, amene anabwera pa Boma fodya atamugwiritsa fuwa la moto. Tsikulo ananyamula thumba la chimanga, lole ili kumbuyo ikuliza hutala. Analiza belu, analizanso, nkhalamba ili chiimire. Chiwongolero chinawamenya pachigongono, ndipo a Luhanga anagwa chammbali n'kuthyoka dzanja lamanzere. Watipaso anagwera kutsogolo, gudumu n'kupindika, chimanga mbwee pamsewu.

Anthu anaunjikana nthawi yomweyo. Oyenda pansi, amene mkwiyo wa zaka zambiri unali pakhosi, anamugwira Watipaso pakolala. Akabaza anzake anatsika panjinga n'kuyamba kutola miyala. Pakanachitika zoopsa pakanapanda a Luhanga kukuwa ali chigonere kuti amusiye mwana wa eni ake. Koma musaganize kuti anayanjana. Watipaso, magazi akutuluka pabondo, anawerama n'kunena kuti:

"Adada, mukadangosuntha pachoko waka, pang'ono chabe."

"Ndisunthire kuti?" anafunsa a Luhanga.

Watipaso sanapepese. Kuyambira pamenepo akakumana nawo sankalizanso belu. Ankangotsonya n'kudutsa, ndipo a Luhanga anafika podziwa tsonyo lake pakati pa matsonyo onse a pa Boma.

Mtende anafika tsiku lomwelo pa minibasi yochokera ku Mzuzu. Ataona pulasitala padzanja la bambo ake sanalire, anangoyamba kulongedza zovala m'chikwama. Anati ku Mzuzu kuli chipinda chawo, nyumba ya mpanda, geti lokhoma, wailesi, ndi mtsikana wowapatsa chakudya iye akapita kuntchito. Mwanayo sankalakwa. Anali ataika kale mayi ake m'manda ndipo tulo sankaupeza poganiza za foni imene idzamuuze kuti bambo ake apondedwa ndi lole. Koma a Luhanga atamva za geti lokhomalo anaona khonde lija likubwereranso, ndipo ulendo uno popanda wowaponyera nsapato.

Nkhaniyo inafika kwa akulu a mpingo anzawo, amene anabwera kudzakhala pabalaza kuti amve mbali zonse. Atakambirana mpaka tiyi kuzizira, a Luhanga anaimirira n'kunena okha, popanda wowakakamiza:

"Mtende mwana wanga, ndisiye ndiziyenda. Koma tsiku limene ndidzalephere kubwerera ndekha pakhomo pano, munthu n'kuchita kundibweretsa, usadzandifunsenso. Udzanditenge. Ndanena pamaso pa akuluakuluwa."

Mtende anamasula chikwama. Ankawadziwa bambo ake kuti mawu awo sawabweza, ngakhale atakhala kuti akuwapweteka iwo eni.

Dzanja linapola, ndipo ulendo wa kuchitando unayambiranso, mabelu ndi matsonyo omwe. Patapita chaka, kunabwera makina okonza msewu. Anthu anasangalala, poti ngozi zinali zitachuluka ndipo madandaulo a oyenda pansi ndi a akabaza anali atamveka. Miyezi imene msewu unali wokumbidwa a Luhanga anakhala pakhomo, akumvetsera kugunda kwa makina chapatali ndi kupukuta nsapato zimene sankazivala. Aliyense wobwera kudzawaona ankamufunsa funso limodzi.

"Nanga m'mphepete mwake muli bwanji?"

"Adada, msewu wake ngwabwino chomene! Wotakasuka, wosalala. Zokangana ndi akabaza zija zatha."

Palibe amene anamva chimene nkhalambayo inkafunsa, ndipo iyo sinafune kufunsa kawiri.

Msewu utatsegulidwa, Mtende anatenga tchuthi n'kubwera. M'mawa mwake anafuna kuwaperekeza, koma bambo ake anakana. Anati msewu umenewu anauyenda iye asanayambe kuudera nkhawa. Mwanayo anangowakonza kolala ya jekete n'kupita kuseri kwa nyumba kukachapa.

Kanjira kochokera pakhomo sikanasinthe. Anadutsa pamtengo wa mango, anamva kulira kwa chigayo kudzanja lamanja, mtima uli m'malo. Phazi lamanja linaponda phula. Lamanzere linafunafuna dothi, n'kupeza phula. Anasunthira kumanzere, phula. Anasunthanso, phula lomwe. Kenako ndodo inalowa m'malere, ndipo atagogoda m'mbali anazindikira kuti ndi ngalande yakuya ya simenti, yosavindikira. Anabwerera m'mbuyo msanga, thukuta litayamba kale kutuluka m'chipewa.

Anayesa kutsata ngalandeyo ndi ndodo. Sanapite patali, ndodo inagunda benchi la wogulitsa nthochi. Analizungulira. Kutsogolo kunali njinga zamoto zoimikidwa, anazizunguliranso. Kenako panali simenti yotsetsereka yolowera kugolosale, ndipo atadutsa pamenepo ngalande ija sinapezekenso. Kulikonse kumene ankaponda kunali kosalala mofanana.

Chimene chinawaopsa kwambiri chinali bata. Njinga zinkadutsa, ankamva matcheni ake, koma chapatali, ndipo palibe amene ankawalizira belu. Apa m'pamene anazindikira chinthu chimene sanachiganizepo zaka zonsezi: mabelu aja, ndi kukalipa kuja, zinkawauza kuti ali pamalo pake. Wakabaza akakwiya, ndiye kuti phazi lili pamzere. Lero panalibe wokwiya nawo. Galimoto inadutsa kudzanja lamanja ikuliza hutala, inzake inadutsa kumanzere, mphepo yake yotentha n'kuwawomba kumaso. A Luhanga anaima. Anachita mantha, mantha enieni a mwana wotayika pamsika, ndipo anachita manyazi kuti akuchita mantha anthu akuona.

Kenako anamva mabuleki akulira pafupi, ndi tsonyo limene ankalidziwa bwino.

"Adada Luhanga, muli pakati pa msewu. Mukufuna kufa?"

"Ndiwe Watipaso?"

"Ndine. Bwerani kuno, tsatani mawu anga." Anakankha njinga pang'onopang'ono akuyankhula, mpaka phokoso la magalimoto linatsalira mbali imodzi.

"Mphepete ili kuti?" anafunsa a Luhanga.

"Ajambula mzere wachikasu, adada. Uko nkwa magalimoto. Kuno nkwa ife a njinga, ndipo chakungalande nkwa oyenda pansi. Aliyense kwake."

"Ndionetse mzerewo."

Watipaso anagwira nsonga ya ndodo n'kuiika pamzere. A Luhanga anapondapo, n'kukhuta nsapato uku ndi uku. Sanamve kanthu. Anagwada pamsewu, bambo wamkulu wa jekete, n'kusisita ndi chikhatho. Phula linali lotentha, ndipo utoto sunasiyane ndi phula mokwanira kuti phazi la m'nsapato liuzindikire. Anakhala chogwada kanthawi. Watipaso, amene nthawi yonseyi ankasunga mawu oti adzawauze tsiku lina, anawataya mawuwo.

"Kwerani ndikakusiyeni," anatero pomaliza.

"Sindikwera."

"Ndiye gwirani kaliyala. Ine ndikankha."

A Luhanga anadzuka, anasasa mawondo, n'kufufuza ndi dzanja mpaka linapeza kaliyala ndi katsamiro kake kokhalapo anthu. Linali dzanja lomwe lija linathyoka.

"Kuchitando," anatero. "Anthu akudikira."

Anayenda choncho kudutsa pa Boma, wakabaza wapansi akukankha njinga yopanda munthu, Sindipatuka pambuyo atagwira kaliyala. Akabaza anzake amene anawaona sanawaseke, ndipo zimenezi kwa akabaza si zachizolowezi. Kuchitando a Luhanga anayambitsa nyimbo monga mwa masiku onse, ngakhale mawu anawathawa pa ndime yachiwiri amayi n'kuipitiriza okha. Anapempherera odwala onse amene anauzidwa maina awo. Sanatsanzike munthu. Atatuluka anamva kuti Watipaso akadali pageti, akubweza anthu ofuna kukwera.

Pobwerera anayenda chimodzimodzi mpaka chigayo chinamveka. Atafika pamtengo wa mango, Watipaso anaimitsa njinga. Lonjezo la a Luhanga pa Boma panalibe amene sankalidziwa, poti nkhani za pabalaza la akulu a mpingo sizichedwa kufika pamalo oimikapo njinga.

"Adada, apa mukudziwapo. Pitani nokha, ine ndibwerere pompano. Mwana wanu sanaone kanthu." Anazengereza pang'ono, n'kuwonjezera: "Mawa ndidzakudikirani pamtengo pomwe pano. Tsiku lililonse. Palibe adzamuuze."

Mulungu akudziwa kuti a Luhanga anafuna kuvomera. Anaganiza za mafuwa a kuchitando, za utsi wa m'mawa, za amayi ovomera nyimbo. Anaganizanso za geti lokhoma la ku Mzuzu.

"Yewo chomene, mwana wanga," anathokoza. "Koma m'mawa ndi nthawi imene umapezera chakudya cha ana ako. Udzabwera mawa, udzabwera mkuja, kenako udzayamba kutsonyanso, ndipo udzakhala usakulakwa. Komanso ndinanena pamaso pa anthu. Lero ndabwerera ndekha ine?"

"Inu adada kuuma mutu," anatero Watipaso.

"Ndi kale ndinayamba. Tiye."

Analowa m'kanjira, njinga patsogolo. A Luhanga ankadziwa muzu uliwonse wa pamenepo ndipo akanatha kuyenda manja ali m'thumba, koma kaliyala sanaisiye. Atafika pabwalo anamva kuseri kwa nyumba chovala chonyowa chikumenyedwa pamwala, Mtende akung'ung'udza nyimbo imene mayi ake ankaikonda. Sanawaone. Mpata woti Watipaso atembenuze njinga n'kuchoka mwakachetechete unalipobe.

"Liza belu," anatero a Luhanga.

"Adada..."

"Liza, amve."

Watipaso analiza kamodzi, mofooka. A Luhanga anamuuza kuti alize ngati mwamuna, monga ankalizira kumsewu. Analizanso, ndipo kuseri kwa nyumba nyimbo ija inaduka. Panamveka ndowa ikusunthidwa, kenako mapazi akubwera mozungulira nyumba. A Luhanga anawongola msana, anavula chipewa ndi dzanja lamanja, ndipo lamanzere analisiya pa kaliyala pomwepo kuti mwana wawo alione.